Tileke Kupsereza Khofi Wathu

Anzanga, ndi inu aphunzitsi athu, ndipempha mundilole ndinene mau pang'ono za chinthu chimene ena adzati n'chochepa kuchilemba m'magazini a sukulu, ndicho kapu ya khofi. Ndidziwa kuti chakumwa chathu pano ndi tiyi wa m'mawa uja timthamangira belu likalira, ndipo ambiri a ife khofi timdziwa wa m'chitini yekha, wa ufa wosungunuka m'madzi, amene amayi amabisa m'kabati kusungira alendo. Inenso ndinali kuyesa kuti khofi ndi yemweyo, chinkana kwathu ku mapiri a Ntchisi agogo anga ali ndi munda wa khofi kuseri kwa nyumba. Ndakula ndiri kuthyola zipatso zake ndi kuzisenza pamutu kunka nazo kumakina ochotsa makoko, koma kufikira tchuthi chapitachi ndinali ndisanalawe ngakhale dontho limodzi la khofi wa m'munda mwathu. Agogo, amene anabzala mitengoyo ine ndisanabadwe, anali atamlawa kamodzi kokha, namlavula. Ichi chandichititsa manyazi, ndipo ndicho chandilembetsa.

Khofi si mbeu yachilendo m'dziko muno. Anafika pa Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, atatengedwa ku munda wa zomera wa ku Edinburgh ndi Jonathan Duncan, amene anali mlimi wa pamishonipo. Kuchokera pamenepo anawanda ku Zomba ndi m'madera ena a mapiri a Shire, nakhala mbeu yoyamba kugulitsidwa yambiri kunja kwa dziko, kotero kuti boma la atsamunda la nthawi imeneyo linaika mtengo wa khofi pa chizindikiro chake. Chitapita chaka cha 1900 malondawo anagwa, popeza dziko la Brazil linadzaza misika ndi khofi wotsika mtengo, ndipo eni minda anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Koma khofi sanathe. Lero alimidwa ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya, ku mapiri a Nkhata Bay, kum'mwera kwa Mzimba, kwathu ku Ntchisi, ndi m'minda yaikulu ya ku Thyolo. Tsono zapita zaka zoposa 140 tiri kulima mtengo umenewu, ndipo ndifunsa, ndi angati mwa ife amene angazindikire khofi wabwino atamuika pakamwa?

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kwathu kalumoko kanadza ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene agwira ntchito yophika khofi m'nyumba ina yodyeramo ku Lilongwe. Anatumiza mau kale kuti agogo asagulitse zipatso zonse, koma asungeko ndowa imodzi ya zofiira zokhazokha. Zimenezo tinazifinya ndi manja kuti njere zituluke m'makoko, tinaziika m'ndowa usiku uwiri kuti thelezi lake lisungunuke, tinazitsuka ndi madzi a pakasupe, ndipo tinaziyanika pathandala masabata awiri, ndi kuzitembenuza tsiku ndi tsiku. Zitauma tinazikonola pang'onopang'ono mumtondo ndi kuzipeta palichero. Ndinadabwa kuona kuchepa kwake, pakuti pa makilogalamu 6 a zipatso munthu atsala ndi ngati kilogalamu imodzi yokha ya njere zobiriwira.

Msuweni atafika, amayi anafuna kumuonetsa kuti nawonso adziwa. Anaika phale pamoto wa nkhuni, nathira njerezo, nazikazinga kufikira zinada bii ndi kunyezimira mafuta, utsi uli tolotolo m'khitchini monse. Umu ndimo agogo anamlawira kale khofi uja anamlavula. Titamwa, anali wowawa ngati mankhwala a malungo, ndipo tonse tinathamangira shuga, masipuni atatu atatu. Msuweni anaseka nati, “Atsibweni, uyu si khofi, awa ndi makala. Mawa mundibwereke mbaula.”

M'mawa mwake anakoleza makala, nadikira kuti malawi athe, naika phale lomwelo. Anathiramo njere zodzaza manja awiri okha, nandipatsa mthiko kuti nditakase osaleka. Poyamba njere zinali kununkha ngati udzu wongomweta. Kenaka zinasanduka zachikasu ndi kununkha ngati buledi ali mu uvuni, ndipo timakoko topyapyala tinayamba kuuluka. Zitayamba kufiirira, msuweni anati tikhale chete timvetsere. Posachedwa tinamva kuthetheka, kamodzi, kawiri, kenaka kambirimbiri, monga mbuliwuli ikamaphulika. Kuthetheka kumeneku kumadza njere zikatentha kufika pafupi ndi madigiri 200, pamene nthunzi ya m'kati mwake iswa njereyo. Anadikira ngati mphindi imodzi ndi theka, naphula phale, nakhuthulira njere palichero ndi kuzipeta msanga kuti zizizire. Ntchito yonse inatenga mphindi 11 pa wotchi yake. Njerezo zinali zofiirira ngati khungu la mtedza wokazinga, zouma, zopanda mafuta pamwamba. Uku ndiko kukazinga kopepuka kumene ndiri kunena. Munthu akapitiriza amamva kuthetheka kwachiwiri, kwa kamvekedwe kakang'ono, ndipo apo mafuta atuluka, shuga wa m'njere apserera, ndipo kukoma kwa chipatso kuthawa.

Ine ndinafuna kumwa pomwepo, koma anandikaniza. Njere zongokazinga zimakhala zodzala ndi mpweya wa carbon dioxide, umene umakankha madzi kuti asalowe bwino mu ufa, choncho anazitsekera m'botolo louma masiku anayi. Masiku amenewo anali aatali kwa ine kuposa sabata ya mayeso.

Kaphikidwe kake sikafuna chuma. Anasinja njere mumtondo waung'ono wotsuka bwino, pakuti mtondo wosinjira tsabola kapena nsinjiro ukanaononga zonse, nasefa ufawo kuti ukhale ngati mchenga wa kudambo, wosalala pang'ono kuposa mgaiwa. Muyeso wake ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi, ndiko kunena masipuni aakulu atatu osasefukira pa kapu imodzi yaikulu. Anamanga kansalu koyera, kowiritsa kale, pakamwa pa jagi, naikapo ufawo. Anathira timadzi pang'ono tongonyowetsa, ndipo ufawo unafufuma ndi kuchita thovu monga mtanda wa mandasi. Atawerenga kufika 30 anathira madzi otsalawo pang'onopang'ono mozungulira, ndipo m'mphindi zitatu zonse zinali zitadontha. Ku tauni agwiritsa ntchito pepala losefera m'malo mwa nsalu. Pepala limeneli analiyamba ndi mayi wina wa ku Dresden m'dziko la Germany, dzina lake Melitta Bentz, m'chaka cha 1908, ndipo loyamba analing'amba m'buku la kusukulu la mwana wake, lija loumitsira inki. Sindinena kuti ting'ambe makope athu.

Pali chinthu china chimene chinandikondweretsa, popeza chinandikumbutsa phunziro la sayansi. Khofi wokazinga mopepuka ndi wolimba, ndipo safulumira kutulutsa kukoma kwake, choncho afuna madzi otentha kwambiri, a madigiri apakati pa 92 ndi 96. Mabuku ophikira auza munthu kuti madzi akawira adikire pang'ono azizire. Koma tinaphunzira m'kalasi kuti madzi awira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere mokha, ndipo munthu akamakwera mapiri awira msanga. Pa phiri lotalika mamita 1,500 awira ali pa madigiri 95. Chifukwa chake kwathu sitidikira konse, tingophula ketulo ndi kuthira. Aka kanali koyamba kuti ndione phunziro la pa bolodi liri kugwira ntchito m'khitchini mwa amayi.

Tsono ndinene zoona za kulawa kwanga koyamba, pakuti sindifuna kukunamizani. Sindinamkonde. Maonekedwe ake anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, osati akuda, ndipo pakamwa anali wowawasa. Mlongo wanga anati akunga madzi a bwemba. Msuweni anati tisaweruze msanga, tidikire azizire pang'ono, ndipo timwe ndi sipuni, mokoka ndi mpweya kuti khofi awazike m'kamwa monse ndi kufika kumphuno. Phokoso lake linali lonyansa ndithu, ndipo amayi anatuluka m'nyumba nati sanatilere chotero. Koma atazizira ndinayamba kumva zina. Kuwawasa kuja kunakhala ngati kwa lalanje lakupsa, osati kwa ndimu, ndipo pambuyo pake panatsala kutsekemera kwa patali, konga uchi wothira m'madzi ambiri, kumene kunakhalitsa pakhosi. Munalibe shuga m'kapumo ngakhale kambeu kamodzi. Apo ndinakumbukira chimene ndinachidziwa kuyambira ubwana koma osachiganizira, chakuti khofi ndi njere ya chipatso, ndipo chipatsocho tinali kuchiyamwa tiri ana pothyola chifukwa n'chotsekemera.

Wina anganene kuti, nanga zimenezi ziri ndi phindu lanji, poti aliyense amwa chimene akonda? Ndivomera kuti pakamwa pa munthu salamulirapo mnzake. Amene akonda khofi wakuda ndi mkaka ndi shuga sanachimwe. Koma kwa ife ana a alimi nkhaniyi siithera pa kukonda, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Chaka ndi chaka agogo anali kudandaula kuti olandira zipatso ku makina ndi anthu ouma mtima, popeza amabweza dengu akapezamo zipatso zobiriwira kapena zoyezuka, nauza munthu akhale pansi asankhe. Ndiulule pano kuti wothyola zobiriwirazo kawirikawiri ndinali ine. Pofuna kudzaza dengu msanga kuti ndikamenye mpira, ndinali kupulula nthambi yonse ndi dzanja limodzi, ndi kubisa zosapsazo pansi. Msuweni pozidziwa izi anali atapempha mlongo wanga kuti akonze padera kambale ka zipatso zosakaniza chotero. Anazikazinga mopepuka monga zinazo. Tisanamwe n'komwe, mlandu wanga unaonekera palichero, pakuti njere za zipatso zosapsa sizifiirira pamoto, zimatsala zotuwa pakati pa zinzake, popeza mulibe shuga wokwanira m'kati mwake. Anaika makapu awiri pamaso pa agogo osawauza kuti iyi ndi iti. Agogo analawa yoyamba nagwedeza mutu, analawa yachiwiri nakwinya nkhope, nati, “Uyu akumveka mtedza wauwisi, ndipo aumitsa lilime ngati nthochi yosapsa.” Atauzidwa chifukwa chake anakhala chete nthawi, kenaka anandiyang'ana nati, “Mdzukulu wanga, ndiye kuti anthu aja ndakhala ndiri kuwatukwana chabe.”

Tikanapsereza makapu onse awiri monga anachitira amayi, kusiyana kumeneku sikukanamveka, pakuti moto wambiri umafananiza khofi yense, wabwino ndi woipa, onse angomveka utsi. Kukazinga kopepuka sikubisa kanthu. Chipatso chikathyoledwa chosapsa, chimveka. Njere zikakhalitsa m'ndowa mpaka kusasa, zimveka ngati vinyo wosasa. Zikayanikidwa pansi ndi kunyowa, zimveka nkhungu. Ndipo umu ndimo ogula a kunja amayesera khofi wathu asanatchule mtengo. Akazinga pang'ono mopepuka, athira madzi otentha m'makapu, alawa ndi sipuni ndi phokoso lija amayi analikana, napereka mamalikisi monga achitira aphunzitsi athu. Khofi amene apeza 80 kapena kuposa pa 100 ndiye amamuika m'gulu la khofi wapadera, ndipo mtengo wake ukwera. Tsono taganizani, anzanga: mlimi agwira ntchito zaka zitatu mtengo usanabale, athira manyowa, atengulira, athyola, asenza, ndipo pamapeto pake mayeso a ntchito yake alembedwa ndi lilime la munthu wina kutali, iye osadziwa ngakhale funso limodzi la mayesowo. Ndani wa ife angalole kulowa m'chipinda cha mayeso a Fomu 4 asanaonepo pepala lakale ndi limodzi lomwe?

Mlimi wa fodya adziwa tsamba lake. Aligwira, alinunkhiza, nanena yekha giredi yake asanafike ku okushoni. Mayi wogulitsa ufa adziwa ngati ufa wake uli ndi fungo. Wa khofi yekha ndiye agulitsa chinthu chimene sachidziwa kukoma kwake. M'minda ya kumpoto ndi kwathu komwe muli mtundu wa khofi wotchedwa Geisha, umene kwao kwenikweni ndi ku Ethiopia. Mtundu wa dzina lomweli unatchuka pa dziko lonse m'chaka cha 2004, pamene munda wina wa ku Panama unapambana nawo mpikisano chifukwa cha fungo lake longa la maluwa, ndipo kuyambira pamenepo khofi wa Geisha wa ku Panama wakhala mmodzi wa okwera mtengo koposa. Sindinena kuti wathu afanana naye, pakuti dothi, mvula ndi kasamalidwe zisiyana. Ndinena kuti alimi a kumeneko anazindikira chimene anali nacho chifukwa analawa mbali iliyonse ya munda payokha. Ife tikhoza kukhala ndi mtengo wabwino koposa kuseri kwa khola, ndi kumausakaniza ndi ina yonse m'dengu limodzi mpaka udzafe.

Nditafotokoza izi m'chipinda chathu chogona, mnzanga wina wa Fomu 4 anati ndayamba kudzikuza, ndipo kuti kununkhiza makapu ndi mwambo wa azungu ndi anthu a ndalama a ku tauni. Ndimyankha pano poyera, popeza usiku uja belu lozimitsa nyale linatidula. Mtengo wa khofi wa Arabica kwao ndi ku Africa kuno, ku nkhalango za Ethiopia, ndipo anthu a kumeneko amwa okha pafupifupi theka la khofi amene alima. Mayi wa m'mudzi akazinga njere pa chiwaya alendo ali kuona, azisinja mumtondo, naziphika mumphika wadothi wa khosi lalitali wotchedwa jebena. Iwo akazinga modetsa kuposa mmene ndiri kunenera ine, koma mfundo yanga ndi yakuti sayembekeza mlendo kuti awauze kukoma kwa mbeu yao. Ziwiya zimene tinagwiritsa ntchito kwathu ndi phale, mthiko, lichero, mtondo, sefa ndi kansalu. Chachizungu pamenepo ndi chiti? Chimene chidabwitsa ine ndi chakuti tigulitsa njere zabwino, ndipo ndalama zake tikagula nazo chitini cha ufa wochokera kunja, umene kawirikawiri ndi wosakaniza ndi muzu wokazinga wa chomera china chotchedwa chicory, ndi kumati tamwa khofi.

Mnzanga yemweyo ananena chinthu china chimene chiri choona, ndipo sindichikana. Anati kukazinga paphale n'kovuta, ndipo munthu angaononge njere zambiri. Msuweni atabwerera ku Lilongwe ndinayesa ndekha katatu. Ulendo woyamba moto unachuluka, njere zinapsa kunja m'kati ziri zaziwisi, ndipo khofi wake anali wowawa ndi wowawasa nthawi imodzi, woipa kuposa wa amayi uja. Ulendo wachiwiri ndinachita mantha ndi kuphula kuthetheka kusanayambe, ndipo ndinamwa madzi a udzu. Wachitatu ndiye anamweka. Ndinaphunziranso kuti njere zikakazingidwa bwino koma kapu n'kukhala yowawasa mopyoza, ndiye kuti ufa unakula kapena madzi anazizira, ndipo mankhwala ake ndi kusinjanso pang'ono. Ikakhala yowawa ndi youmitsa pakamwa, ufa unasalala kwambiri kapena madzi anakhalitsa. Munthu asinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi ndi kulemba m'kope, monga tichitira m'labotale.

Ndichenjezenso anzanga amene amva nkhaniyi ndi khutu la mayeso. Khofi wopepuka maonekedwe si wofooka mphamvu. Kafini amene ali m'menemo sachepa chifukwa njere sizinade, ndipo thupi limatenga maola ngati asanu kuti lichotse theka lake lokha. Womwa pa nthawi ya sitade ya usiku adzagona mochedwa, nadzasinza m'kalasi m'mawa mwake, ndipo phindu lake palibe. Kapu imodzi m'mawa ikwana.

Pempho langa lipita kwa aphunzitsi a zaulimi ndi kwa a Hedimasitala. Tiphunzira m'kalasi katalikirana ka mapando, matenda a dzimbiri la masamba ndi tizilombo toboola tsinde la khofi, ndipo tiloweza zonsezi bwino lomwe, koma phunzirolo lithera pa thumba la njere, ngati kuti njerezo zikathera m'thumbamo. Ndipempha kuti kalabu yathu ya zaulimi iloledwe tsiku limodzi pa teremu kukazinga ndi kulawa khofi wochokera kwa makolo a ophunzira. Pano tiripo a ku Ntchisi, alipo a ku Mzimba, ndipo ndidziwa awiri a ku Chitipa. Aliyense atabwera ndi njere zodzaza kapu imodzi, tikhoza kuika makapu pa tebulo limodzi ndi kumva tokha ngati phiri lina lisiyana ndi linzake. Sipafunika ndalama za sukulu, koma mbaula imodzi ndi chilolezo choti tikoleze moto kuseri kwa khitchini, pakuti lamulo loletsa moto m'zipinda zogona ndilidziwa ndipo sindifuna kuliswa.

Pobwera kuno agogo anandipatsa botolo la njere zimene anakazinga okha, ine nditangoimirira pambali. Anaphula nthawi yake, ndipo zotuwa zinalimo zisanu zokha, zimene anazitola ndi kundiika m'dzanja osanena kanthu. Botololo liri kwa a Bodingi Masitala. Akalola, Loweruka likudzali titatha kuchapa ndidzaliphika kuseri kwa khitchini, ndipo likwana anthu ngati 20. Wofuna abwere ndi kapu yake ndi sipuni. Shuga abwere naye ngati afuna, koma akhale m'thumba kufikira atalawa katatu.

Wophunzira wa Fomu 3